Nkhuku ya a Snoring Aakulu

Amayi anzanga a kumpingo akafuna kuseka amandiuza kuti nditchule maina a midzi ya ku Mangalande. Ndimawatchulira, iwo n'kumagwirana m'mapewa, misozi ili chuchuchu. Nanenso masiku ano ndimaseka nawo. Koma ndati ndilembe m'mene zinalili, chifukwa pamene ndinkakhala m'midzi imeneyo sindinkaseka ayi. Ndinali nditasiya mwana kuno ku Mulanje, ndipo sindinkadziwa ngati ndidzamuonanso.

Inali nthawi ya Chitaganya. Ntchito ndinayamba ndi kuthyola tiyi pa esiteti ina kuseri kwa Limbuli, dengu kumsana, mame mpaka m'chiuno. Popeza ndinaphunzirako pang'ono kusukulu ya mishoni ndipo Chingerezi cha apa ndi apo ndinkachimva, ananditenga kunyumba ya abwana kuti ndizilera mwana wawo wamkazi, Suzi. Wanga anali Feliya, wa zaka zitatu. Bambo ake anapita ku Joni iye ali kumsana, ndipo anatchona. Sitinamvenso kanthu, ngakhale uthenga wa maliro.

Tsiku lina adona, akazi a abwanawo, anandiitana pakhonde. Anali oyembekezera, mimba inkawavuta, ndipo adokotala anati akachilire kwawo.

"Upite nafe," anatero. "Suzi sadya ukapanda kumudyetsa iwe. Tinyamuka mvula ikatha, tibwerera ina isanayambe."

Ndinayang'ana abwana. Anagwedeza mutu kuvomereza, kaliwo ali kukamwa.

Nditakafotokoza kumudzi, achemwali anga a Enelesi anasiya kusenda chinangwa.

"Iwe, bambo ake a mwanayu anachoka ndi mawu omwewo. Mvula isanagwe, mvula isanagwe. Zagwa zingati?"

"Achemwali, awa ndi azungu, amayendera kalendala."

"Kalendalayo ndi amene adzakubereke kumsana kubwera nawe kuno?"

Atsibweni athu ndiwo anadula nkhani. Anati ndipite, mwana atsale ndi a Enelesi, ndizitumiza kangachepe. Kenako anandikumbutsa za makolo athu. Anati atawoloka Ruo kuthawa nkhanza za Apwitikizi, asanadule ndi mtengo umodzi womwe, anayamba apita kukaonekera kwa mwini mudzi, nkhuku ili m'manja. "Mlendo amene waonekera, akalakwiridwa ali ndi pokanena, akafa ali ndi pogona. Wosaonekera ndi mbalame yongotera padenga. Ukakafika, ukaonekere."

M'mawa wonyamuka Feliya sanalire. Ankasewera ndi zitsononkho za chimanga, anangondiuza kuti ndikamugulire shuga.

Tinakwera sitima ya pamtunda pa Luchenza mpaka ku Beira, kenako ya pamadzi. Za panyanja ndilibe zambiri zonena. Ndinasanza, ndinapemphera, ndinasanzanso, Suzi ali kumsana. Mulungu anatiwolotsa, ndimamuthokoza.

Kuchokera ku London tinayenda pagalimoto kulowera kwawo kwa abwana. Adona anali wefuwefu, ndiye abwana anayamba kuwawerengera zikwangwani za m'mbali mwa msewu kuti asekeko. "Ugley!" anakuwa, onse n'kufa nazo. Dzinalo limamveka ngati liwu lawo lonena munthu wonyansa nkhope. Patsogolo panali Six Mile Bottom, limene limanena za mamailosi ndi pokhalira pa munthu, zoti sindingazimasulire pamaso pa apongozi.

Ine kumbuyo sindinkaseka nawo. Kwathu mudzi ndi munthu. Timati kwa Uje chifukwa a Ujewo alipo, kapena analipo ndipo mphwawo wavala dzinalo. Dzina likhale loseketsa chotani, tinali nawo a Botolo, a Supuni, a Kandulo, sumaseka ukudutsa pakhomo pawo. Ndiye azungu akamaseka, ine ndinkanong'ona chapansipansi kuti, "Tidutse nawo, a Ugley. Musawawerengere, atopa ndi ulendo."

Mudzi umene tinafikira unali Great Snoring, ndipo kuseri kwa minda kunali wina, Little Snoring. Liwu lakuti snoring ndinkalidziwa bwino, chifukwa adona ankadandaula nalo za abwana m'mawa uliwonse. Ndi mkonono. Ndinangoti eya, pano ndi pa a Mkonono Aakulu, uko ndi kwa ang'ono awo. Mwina anakangana, wamng'onoyo n'kukamanga padera, monga zimachitikira kulikonse.

Sabata yoyamba yomweyo ndinafunsa adona kuti tipita liti kukapereka moni kwa eni mudzi. Anali chigonere, kansalu konyowa kali pachipumi. "Onse adzakuona kutchalitchi," anatero. Ndinadikira. Mlendo sadzitengera yekha kwa mfumu, amamutenga ndi amene wamulandira. Pafupi ndi tchalitchi panali chinyumba chakale cha njerwa zosema, ndipo ndinadziuza kuti a Snoring amakhala m'menemo. Zoti sindinawaonepo sizinandidabwitse. Munthu wamkulu sayendayenda, makamaka kozizira choncho.

Nyumba imene tinkakhala inali ya amayi a abwana, gogo wamtali woyenda ndi ndodo, wosayankhula kawirikawiri. Ndinkawaopa. Amene anandisunga mtima ndi Mayi Dorisi, amene ankabwera panjinga m'mawa uliwonse kudzaphika. Ndiwo anandiphunzitsa kuvala masokosi awiriawiri ndi kugona ndi botolo la madzi otentha. Ataona kuti ndikuwonda ankandiwonjezera mbatata m'mbale, osadziwa kuti chimene ndinkalota ndi kalongonda ndi makaka.

Tikamasenda mbatatazo tinali ndi masewera athu. Iwo atchule mudzi wa kwawoko, ine nditchule wa kwathu.

"Pudding Norton," ankayamba.

"Chinakanaka."

"China... kana... kananka... Iwe, limenelo wapeka!"

"Lilipo, Mayi Dorisi, pali msika. Tchulani lina."

"Three Holes."

Maenje Atatu, taganizani. Tsiku lina ndinawafunsa ngati a Pudding Norton ndi munthu wabwino kwa anthu ake. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti ndine wanthabwala. Ine nthabwala sindinaione, koma ndinaseka nawo, poti munthu akakukomera mtima sumusiya aseke yekha.

Kamodzi ananditenga kumzinda wa Norwich kukagula nsapato za Suzi. Kumeneko ngakhale misewu ili ndi maina olembedwa pakhoma. Tinadutsa Upper Goat Lane ndi Lower Goat Lane, kanjira ka mbuzi kakumtunda ndi kakumunsi, koma mbuzi osaiona, ngakhale ndowe zake. Panali Rampant Horse Street, wa hatchi yolusa, ndinamugwira Suzi dzanja zolimba mpaka tinatulukamo. Pobwerera basi inadutsa Unthank Road. Mayi Dorisi atandiuza kuti zikumveka ngati msewu wa osathokoza, ndinayamba kuwerenga mumtima zonse zimene Ambuye anandichitira, kuti dzinalo lisandimatirire.

Adona anachira, mwana wamwamuna. Masamba a mitengo anafiira n'kuyoyoka, ndipo ndinadziwa kuti kwathu mitambo yayamba kusonkhana paphiri. Ndinachapa zovala zanga n'kuzipinda. Koma amene ananyamuka ndi abwana okha. Anati khanda likadali lofooka, ife tidzatsatira likalimba.

Chisanu cha kumeneko, abale, chiperoni ndi mwana. Zala zinkatupa n'kung'ambika. Dzuwa linkatuluka mochedwa ngati munthu wodwala, n'kubwereranso kukagona. Mwezi ukatha ndinkafunsa, adona ankati mwezi wamawa. Makalata ochokera kwathu ankalemba ndi aphunzitsi a pamishoni m'malo mwa a Enelesi, ndipo ankafika nkhani itazizira kale. Ina inati Feliya anadwala chikuku, anatsala pang'ono, koma wadzuka. Ndinawerenga ndili chiimire pafupi ndi mbaula. Mwana wanga anafika pakhomo pa imfa n'kubwerera, ine ndikupesa tsitsi la mwana wa eni. Ina yotsatira inati musadandaule, masiku ano sakufunsanso za inu. Aphunzitsiwo ankati akunditonthoza.

Kutayamba kufunda, kunabwera mng'ono wawo wa adona kudzacheza. Ndikuwapatsa tiyi pakapinga ndinamva dzina langa likudutsa pakati pawo. Ndinaika thireyi pansi.

"Adona, ndamva dzina langa."

"Eya, ndimati ndikuuze," anatero, osandiyang'ana. "Ine kumapiri kuja sindibwererako, thupi langa silikufuna. Suzi ayamba sukulu. Mng'ono wangayu ali ndi mapasa, alibe womuthandiza. Chaka chimodzi chokha."

"Nanga mwana wanga?"

"Ali ndi achemwali ako, si choncho? Ndalama ukutumiza. Akudya bwino kuposa ukanakhala uli konko."

"Kumene ndikupitako ndi kuti?"

"Kumpoto, kutali ndithu," anayankha mng'onoyo akumwetulira. "Pity Me. Usaope, ndi dzina chabe."

Ndimvereni Chisoni. Kwathu dzina lotere amapatsa mwana wobadwa pambuyo pa maliro ambiri. Ndinatola makapu. Ndinaona m'mene munthu amatchonera. Sachita kusankha ayi. Amangomuuza kuti chaka chimodzi chokha, kenako amupatsira wina, winayo n'kumupatsiranso wina, ngati khasu lobwereka. Mwina bambo a Feliya zinawayendera chomwecho, ine ndikuwatukwana mumtima zaka zonsezo.

Njira ya kudoko sindinkaidziwa, ndipo malipiro anga sakanafika pa mtengo wa sitima. Ndinagwada m'kachipinda kanga n'kunena kuti, "Ambuye, Inu njira ya ku Limbuli mukuidziwa. Ine ndaiwala ngakhale kumene dzuwa la kwathu limatulukira. Ndionetseni pokanena." Ndikudzuka pamenepo mawu a atsibweni anandibwerera, ndipo ndinachita manyazi. Chaka chathunthu ndikumwa madzi a m'mudzi mwa munthu, osakaonekera! Ndiye ndimadabwa chiyani kuti ndilibe wondimvera?

Mayi Dorisi sindinawauze. Ankadya za m'nyumba momwemo, sindinafune kuwaika pakati. Ndinapita kwa mlimi wina woyandikana nafe kukagula nkhuku.

"Ndikuphere?" anafunsa.

"Ayi bambo, yamoyo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, koma anandipatsa thadzi lofiira lonenepa bwino.

Lachinayi masana inali nthawi yanga yopuma. Ndinavala duku loyera, ndinamanga chilundu pamwamba pa chikhoti, nkhuku m'khwapa, ulendo wa kuchinyumba chija. Pachipata ndinagwada n'kuwomba m'manja. "Odi! Odi kuno!" Patapita nthawi kunatulukira bambo wina wosamalira maluwa, foloko yolimira ili m'manja. Ndinamuuza m'Chingerezi changa kuti ndine mlendo, ndabwera kudzaonekera kwa a Snoring Aakulu. Anavula chipewa, anakanda m'mutu, anayang'ana nkhuku.

"Kafunseni kusitolo, mayi," anatero. "Kumeneko amadziwa zonse."

Sizinandidabwitse. Kwa mfumu sulowa chilowelowe, umayamba kwa nduna zake.

Sitoloyo inali yomweyo ya positi, kumene ndinkatumizira ndalama, ndipo mwini wake ankandidziwa, mayi wojintcha wa magalasi. Ndinapeza muli amayi angapo ndi madengu awo, ndi nkhalamba ina yotchedwa Joji itakhala pabokosi, ikusuta fodya. Ndinagwada pakati pa sitolo, nkhuku ndaigwira ndi manja awiri.

"Pepani amayi ndi abambo. Ndachedwa kubwera, kulakwa ndi kwanga. Ndikupempha mundifikitse kwa a Snoring Aakulu."

A Joji anati, "Ali mtulo, simukuwamva?" n'kuliza mkonono wautali. Sitolo yonse inaphulika. Mayi wina anakhala pathumba la ufa atagwira pamimba. Nkhuku inadzidzimuka n'kuyamba kukupiza mapiko, nthenga zili balala.

Ine sindinadzuke. Ndinati mwina akundiyesa, poti ngakhale kwathu anthu a pabwalo amayamba akuseka mlendo kuti aone mtima wake.

"Tseka pakamwa iwe Joji, fodya wako wagula kale," anatero mayi wa sitolo akupukuta magalasi. "Dzuka mwanawe, pansipo pazizira. Ukuwafuniranji a Snoring?"

Ndinamva ngati bwalo latseguka. Ndinayala nkhani yanga kuyambira pachiyambi, monga timachitira, osadumpha kanthu. Za pakhonde paja, za lonjezo la mvula, za kugwedeza mutu kwa abwana. Za bambo a mwana amene anapita osabwerera. Za chikuku. Za kalata yonena kuti sakufunsanso za ine. Za Pity Me. Sindinanyoze adona, ndinati andisunga bwino, sanandimenyepo, sanandimanepo chakudya, koma lonjezo ndi lonjezo. Chingerezi chinkandithera pakati, ndinkakwirira ndi Chinyanja, pena ndi Chilomwe cha amayi anga.

"Mwanayo ndi wamkulu bwanji?" anafunsa mayi wa pathumba uja. Kuseka kunali kutamuthera.

Ndinakweza dzanja kuti ndionetse msinkhu wake, chikhatho choimika monga timachitira ndi munthu. Ndinaliika pamene ankalekeza tsiku la zitsononkho lija. Kenako ndinakumbukira kuti wakula, ndinalikweza pang'ono. Ndinalitsitsanso. Dzanja linangotsala m'malere likuyendayenda.

"Sindikudziwa," ndinatero.

Mayi wa sitolo anatuluka kuseri kwa kauntala n'kundigwira paphewa.

"Mwanawe, tamvera. Munthu ameneyo kulibe. Sanakhalepo, ngakhale nthawi ya agogo anga. Ndi dzina la malo basi."

"Nanga ang'ono awo a kuseri kwa minda?"

"Nawonso kulibe."

"A Pudding Norton?"

Anapukusa mutu.

"Ndiye mudzi uno mwini wake ndani?"

Anayang'anizana. Wina anati minda ndi ya uje, wina anati tchalitchi ndi cha abusa, koma mudzi, mudziwo ulibe mwini.

"Mlandu ukagwa amaweruza ndani?"

"Kutauni kuli apolisi."

"Sindikunena wakuba ayi. Mlandu wa lonjezo."

A Joji analoza amayiwo ndi kaliwo wawo. "Amenewo amaweruza ndi awa. Pakamwa pawo palibe anapulumukapo." Mayi wa sitolo anawakwapula ndi kansalu kopukutira.

Ine mantha amene anandigwira pamenepo anaposa a panyanja. Midzi yonse ija ndinkaipatsa moni m'njira inali zikwangwani chabe. Ndinali m'dziko la maina opanda eni, ndipo ndinali nditangovula nyumba imene inkandidyetsa pamaso pa anthu wamba. Ndinadzuka. Nkhuku imene wanyamulira mwini mudzi subwerera nayo kunyumba, ndiye ndinaiika pakauntala pafupi ndi sikelo, ndinathokoza, n'kutuluka. Ankandiitana kumbuyo, sindinacheuke.

Nkhani inafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Adona anandiitana milomo ili gwa.

"Wandichititsa manyazi mudzi wonse. Ndakulakwira chiyani ine? Mwezi uno ukatha ukupita kwa mng'ono wanga, ndipo m'mudzimu usayendemonso wekha."

M'mawa mwake Mayi Dorisi anafika akupuma mwabefu, njinga anangoiponya pampanda.

"Chitsiru iwe! Bwanji sunandifunse ine? Akuseka mpaka kwathu ku Little Snoring. Amuna anga akuti ndikufunse ngati wamng'onoyo alandirako bakha." Anaseka, kenako anandikumbatira, ndipo ndinamva kuti akulira. "Chaka chonse tikusenda mbatata limodzi, za chikuku osandiuza?"

Masiku otsatirawo chakudya sichinkatsika. Ndikatuluka ndi Suzi kuchipata, ana a sukulu ankadutsa akuliza mkonono. Ndinkayang'ana mwezi ukutha ngati munthu woyang'ana madzi akukwera mumtsinje. Pemphero langa linafupika, linangotsala lakuti, "Ambuye, ndadzipusitsa ndekha, koma mwana uja sanalakwe."

Chimene sindinkadziwa ndi chakuti aliyense wofotokoza za nkhuku ankafunsidwa kuti, nanga ankawafuniranji? Ndiye kumene kwafika kuseka, mlandu wanga unkafikanso. Wobweretsa mkaka anayamba, akupereka mabotolo kwa adona pakhomo: "Mayi uja apita liti kwa kamwana kake?" Wogulitsa nyama anafunsa chimodzimodzi. Lamulungu potuluka m'tchalitchi amayi amene ankathamangira kudzaona khanda la adona anadutsa n'kudzagwira dzanja ine. Akazi a abusa anafunsa mokweza, agogo ali pomwepo, kuti dzina la mwana wanga ndani kuti azimutchula m'mapemphero. Adona anasiya kupita kusitolo, ankatuma Mayi Dorisi. Ine zonsezi zinkangondiwonjezera mantha, poti ndinkaona nkhope ya adona ikuumirabe tsiku ndi tsiku.

Kutatsala pang'ono kuti mwezi uthe, agogo anandiitanitsa kuchipinda chawo chochezera, m'mene ndinali ndisanakhalemo pansi chifikire. Ndinagwada pafupi ndi chitseko. Ndinati basi, andipirikitsa lero.

"Ine ndinabadwira m'mudzi muno," anayamba. "Sindinalowepo m'sitolo muja anthu n'kusiya kuyankhula. Dzulo anasiya." Anagogoda ndodo pansi. "Mwana wanga analonjeza ndi pakamwa pake?"

"Ananena ndi adona, agogo. Abwana anagwedeza mutu."

"Kaliwo ali kukamwa?"

"Eya, agogo."

"Bambo ake analinso choncho. Kwa iwo kumeneko ndiye kulumbira." Anatembenukira kwa ine. "Bwanji sunabwere kwa ine?"

"Ndikanayamba bwanji kunenera mwana kwa amayi ake, ndikudya m'mbale yawo?"

Anandiyang'ana kuyambira kuduku mpaka kumaondo. Pakona pa mlomo wawo panagwedera pang'ono.

"Wataya nkhuku yabwino," anatero. "Ikanabwera kuno. Pita ukakonze katundu wako."

Sindinamve bwino, ndinafunsa ngati akunena za ku Pity Me.

"Kwanu, mwana iwe. Ku China-chakuti-chakuti kwanuko."

Ndinawomba m'manja mpaka anandiuza kuti ndisiye, ndidzutsa khanda. Iwo ndiwo analipira sitima, ndipo kudzera mwa abusa anapeza banja lina la amishoni lobwerera ku Blantyre loti ndiyende nalo. Mulungu awagoneke pabwino gogo amene uja.

Adona sindiwasungira kanthu. Anali mayi wodwala, wamantha, mwamuna ali kutali, ndipo anagwira chimene chinali pafupi, chimene chinali ine. Tsiku lonyamuka analira, nanenso ndinalira. Mayi wa sitolo anatumiza mazira owiritsa a thadzi lija kuti ndidye m'njira. Mayi Dorisi anandipatsa juzi yobiriwira imene analukira Feliya, atayeza pa msinkhu umene ndinawauza. Koma Suzi, mayo. Anandigwira chilundu pachipata, anachita kumumatula zala chimodzichimodzi. Kulira kwake kunandiperekeza mpaka ku Beira. Ndinali ndasiyanso mwana wina, ndipo ameneyo sindinamuonenso.

Ndinatsika pa Luchenza kukutentha, anthu akusosa m'minda. Phiri nditaliona ndinakhala pansi pa sutukesi n'kulira ngati wofedwa, anthu n'kumandizungulira kufunsa kuti wamwalira ndani.

Kumudzi ndinapeza atsibweni anagona kale kumanda, kalata yake inandiphonya panyanja. A Enelesi anali ndi khanda lina kumsana. Anandilandira bwino, ananditengera madzi osamba, koma mawu awo anali ndi minga pang'ono.

"Wabwera, mzungu wathu. Kalendala uja wakubereka?"

"Wandibereka, achemwali, koma anayamba wagona panjira."

"Mwana wako uyo. Ndakulelera, usiku wa chikuku ndinali ndekha."

Feliya anali ataima kuseri kwa nkhokwe, wamtali, wowonda miyendo, timabala ta chikuku tikuonekabe m'masaya. Ndinamuitana. Anathamangira kwa a Enelesi n'kubisa nkhope m'chilundu chawo.

"Amayi, adona awa akufuna chiyani?"

Juzi ija inakana kulowa, mutu wokha unakanirira pakhosi pake, ndipo anaivula n'kuiponya pansi. Inakavalidwa ndi mwana wa a Enelesi. Ndikamuitana kuti tidye limodzi, ankatenga mbale yake n'kukakhala kwina. Ndikamuyankhula ankayankha mwaulemu ngati kwa mlendo, "Eya, zikomo," maso ali pansi. A Enelesi ankati ndimukakamize azigona kwa ine. Ndinakana. Ndinati ndinachoka ndekha, abwere yekha. Koma mumtima ndinkafunsa kuti, Ambuye, mwandiwolotsa nyanja yonse ija kuti ndidzatchonere pakhomo panga?

Mvula inagwa, tinabzala, chimanga chinamera. Tsiku lina masana ndili pamkeka kuseri kwa nyumba ndikusoka, ndinaona chithunzithunzi chaima patsogolo panga. Anali Feliya, akutsimphina.

"Amayi akuti inu muli ndi phini," anatero. "Iwo akumachotsa ndi munga, zikumapweteka."

Linali thekenya, litakhwima pansi pa chala chaching'ono. Ndinamasula phini pa bulauzi yanga. Anakhala pamphepete penipeni pa mkeka, n'kutambasula mwendo kuchokera kutali, nkhope atayang'ana kumbali. Ndinaika phazilo pamiyendo panga. Linali lotentha, lafumbi, long'ambika kuchidendene. Ndinagwira ntchitoyo pang'onopang'ono kuposa ntchito ina iliyonse imene ndinagwirapo, kutsegula khungu mozungulira, kuuzira, kutsegulanso, mpaka kathumba kanatuluka kathunthu osaphulika. Ndinamuonetsa pansonga ya phini, ndinapaka phulusa pabalapo.

"Basi, latuluka. Sunalire, ndiwe wolimba."

Sanadzuke. Anakhala kanthawi akuyang'ana nkhuku zikupalasa. Kenako anachotsa phazilo, anasendera pafupi, n'kuika linalo pamiyendo panga.

Ndinaliyang'ana bwinobwino, pansi ndi pamwamba. Munalibe thekenya ngakhale limodzi. Ndinapukuta phini pachilundu, n'kuyamba kufunafuna ndithu, chala ndi chala.